Ndowa ya Lolemba la Pasaka

Mng'ono wanga Etelka anafika zaka makumi awiri ndi ziwiri asanathiridwepo madzi a Pasaka ngakhale dontho limodzi. M'mudzi mwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Tisza, zimenezo zinali zamanyazi pafupifupi ngati mimba yapathengo. Lolemba la Pasaka anyamata amayenda khomo ndi khomo ndi ndowa, kukokera atsikana kuchitsime n'kuwakhuthulira madzi ozizira, ati kuti maluwa asafote. Mtsikana amakuwa, amathawa, amabisala m'khola la atsekwe, amatukwana, koma madzulo amawerenga madiresi amene wasintha, ndipo wosintha kambiri ndiye amayenda monyang'wa chaka chonse. Ine chaka china ndinasintha kasanu, chonsecho sindinali wokongola n'komwe.

Wokongola anali Etelka, koma anali ndi khunyu.

Zinayamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atachira matenda oumitsa khosi. Kugwa kwake sikunali kongobwera kokha, kunali kochita kuputidwa. Chinthu chozizira chikamukhudza mwadzidzidzi kunkhongo kapena paphewa lamanzere, kaya munthu akamugwira pamenepo iye asakuyembekezera, mkono wamanzere unkauma n'kukwera m'mwamba wokha, mutu n'kupotokera komweko, kenako pansi khu, thupi lonse likuphupha. Akamadzisambitsa yekha pang'onopang'ono ndi madzi ofunda, palibe chinkachitika. N'chifukwa chake ankakulunga mpango m'khosi ngakhale nthawi yotentha, kutchalitchi ankakhala benchi yomaliza msana utatsamira khoma, ndipo pa ukwati anzake akamavina iye ankati nsapato zikumuluma. Anthu ankati ndi wamatama, ndipo amayi ankasangalala kumva akutero.

Amayi athu, a Jolán, anali amasiye, ndipo manyazi ankawaopa kuposa moto. Mankhwala a Etelka ankakawatenga pa basi kutauni yakutali kumene kunalibe wowadziwa, n'kumawabisa m'chitini cha tsabola wogaya. Mankhwalawo ankachepetsa kugwako koma osakuthetsa. Ine, Piroska, wamkulu ndi zaka zisanu, anandilumbiritsa pamanda a bambo ndili kamtsikana.

“Dzina la matenda amenewa likangotuluka pageti apo, palibe adzakwatiwe m'nyumba muno, iye kaya iwe. Wamva?”

Ndinamva. Ndinamva mpaka mopitirira muyeso. Ndipo chaka chilichonse, Loweruka la Pasaka, amayi ankamukweza Etelka sitima kupita kwa azakhali ku Szolnok, n'kumabwerako Lachiwiri misewu itauma.

Kenako kunabwera Dezső. Ankayendetsa thalakitala pafamu ya kopaletivi, chimunthu chamanja ngati mafosholo, cha mtima wabwino ndi nzeru zongokwanira thalakitalayo. Etelka anamuuza kuti sakonda kudzidzimutsidwa, ndipo iye anamvera osafunsa. Ankayenda kumanja kwake, ndipo akamabwera kumbuyo ankayamba watsokomola. Pa Khirisimasi anamuveka mphete, ukwati n'kuuika mu Sepitembala mphesa zikathyoledwa. Mng'ono wanga, amene moyo wake wonse anali atatsamira makoma, anayamba kukamba za khitchini yakeyake ndi makatani amene ndidzamusokere. Ndinali telala wa m'mudzimo, ndipo nsalu yake ndinagula sabata yomweyo.

Kutatsala sabata ziwiri kuti Pasaka ifike, mayi ake a Dezső, a Rozália, anabwera ndi siketi yoti ndiwakulitsire m'chiuno. Siketiyo inali chonamizira chabe, ndinadziwa atangokhala pansi.

“Chaka chino mpongozi wangayu sakupitanso kwa azakhali ake, eti?” anatero akumwetulira, maso ali pa amayi. “Kusitolo anthu ayamba kundifunsa kuti kodi mwanayu ndi wa mchere, akanyowa asungunuka? Ine ndimasowa choyankha, a Jolán. Mwana wanga athire atsikana a mudzi wonse kupatula wake yemwe?”

“Akhala, akhala,” amayi anayankha akuseka. “Apite kuti, mwini wake ali pompano?”

Geti litangotsekeka ndinaponya sizasi patebulo.

“Amayi, mutu wanu ukuyenda bwino?”

“Tseka pakamwa. Ukufuna ndikanati chiyani? Mayi ameneyu wayamba kununkhiza.”

Etelka anali pakona msana uli kukhoma monga mwa nthawi zonse. Analankhula motsitsa. “Ndingomuuza Dezső, amayi. Ndi munthu wabwino.”

“Onse amakhala abwino asanamve. Udzamuuza mutachoka kuguwa, ansembe atamanga. Panopa ayi.” Kenako anatembenukira kwa ine. “Iwe upite ukamuuze kuti abwere ndi pefyumu ngati mmene amachitira anyamata a m'tauni. Kadontho pamutu, basi zatha. Ukanene kuti mwana ali ndi chifuwa.”

Ndinapita. Dezső ndinamupeza pansi pa thalakitala, miyendo yokha ikuoneka. Atamva uthengawo anatuluka akuseka mpaka kugwira m'mimba.

“Pefyumu, alamu? Ngati kalaliki wa ku Budapest? Anzanga andiseka mpaka chaka chamawa!”

“Ali ndi chifuwa. Madzi ozizira samuyanja.”

“Sabata ya Pasaka atsikana onse amakhala ndi chifuwa. Inuyo chaka chatha munati mwathyoka mwendo, koma munathamanga kuposa galu.”

“Dezső, sindikuseka. Ndikukupempha.”

Anandiyang'ana, akupukuta manja pansanza, ndipo kwa kanthawi ndinaona kuti akudikira kuti ndipitirize. Liwulo linali pamlomo penipeni. Ndinalimeza.

“Chabwino, alamu,” anatero. “Poti mwanena ndinu, ndigula kabotoloko.”

Lolemba la Pasaka kunacha bwino koma kukuzizira, madzi a m'chomwera ng'ombe atagwira kachipale pamwamba. Patebulo la pakhonde tinaika nyama ya nkhumba yofutsa, buledi, mazira amene tinawafiiritsa ndi makoko a anyezi, ndi botolo la palinka, kachasu wathu wa zipatso. Msewu wonse unali kale mkuwe wokhawokha wa atsikana ndi phokoso la ndowa. Etelka anavala bulauzi yoyera ndi mpango wake m'khosi. Nkhope yake inkawala. Aka kanali koyamba chidwalireni kukhala pakhomo pa tsiku limeneli, ndipo ndinamumvera chisoni kuona mmene ankalifunira.

Dezső anafika cha m'ma teni ndi anzake awiri, Bandi ndi Lajos. Anali atadutsa kale makomo asanu ndi atatu, ndipo khomo lililonse limapereka tambula. A Rozália anali pambuyo pawo, ati angodutsa. Dezső anavula chipewa, ananena ndakatulo yamwambo yopempha chilolezo chothira mtsikana akulakwitsa mizere, n'kutulutsa kabotolo m'thumba. Anaima kutsogolo kwake, Etelka akuona, n'kumudonthezera pamutu mofatsa. Palibe chinachitika. Etelka anaseka n'kumupatsa dzira lofiira, ine n'kupuma koyamba chiyambire m'mawa.

“Aise, zomwezi?” anatero Bandi, tambula ili m'manja. “Ukudontheza ngati mankhwala a m'maso! Mkazi wako ameneyu kapena asisitere?”

“Msiye, ali ndi chifuwa,” Dezső anayankha, koma makutu atafiira.

“Chifuwa! Zaka zonsezi wakhala akutithawa pa sitima, madzi ake akungomudikira m'chitsimemo. Lajos, gwira uko!”

Anamugwira mikono, wina uku wina uku, n'kuyamba kumukokera kuchitsime. Anthu oyandikana nafe anasuzumira pampanda akuseka. A Rozália anawomba m'manja pageti. Dezső anaima kanthawi kabotolo kali m'manja, anayang'ana mayi ake, anayang'ana anzake, kenako anakaika kabotoloko patebulo n'kuthamangira chingwe cha ndowa.

“Dezső, ayi!” Etelka anakuwa. “Chonde musatero! Ndifa ine! Dezső, ndifa!”

Mawu omwewo ankamveka kuseri kwa mpanda wa kumanja, ndi wa kumanzere, ndi kutsidya kwa msewu. Ine ndemwe ndinawakuwapo kasanu chaka chimodzi, ndikuseka. Pa tsiku limeneli mtsikana akati ayi ndiye kuti masewera akoma, ndipo akati ndifa anyamata amawonjezera ndowa ina. Mng'ono wanga ankanena zoona zenizeni, ndipo mudzi wonse unkamuyamikira kuti akudziwa kusewera.

Kuchoka pakhonde kufika pachitsime pali mapazi makumi awiri ndi atatu. Ndawawerenga kambirimbiri chichitikireni. Nthawi inalipo yokwanira kukuwa liwu limodzi lokha, limene likanaimitsa aliyense pabwalopo. Ndinadzuka, koma amayi anandigwira padzanja zikhadabo zawo n'kulowa m'mnofu, akupukusa mutu, mano ali gwa. Ndiye ndinakuwa kuti, “Msiyeni!” monga amakuwira mkulu wake wa mtsikana aliyense, ndipo Bandi anandiyankha kuti ndidikire, yanga ikubwera.

Lajos anali mnyamata waulemu. Anamuvula mpango uja kuti usanyowe. Dezső anabwera kumbuyo, ulendo uno osatsokomola, n'kukhuthula ndowa yonse kunkhongo.

Mkono wamanzere unakwera m'mwamba, ndipo anthu anaseka kwambiri poganiza kuti akuwabayibitsa. Mutu unapotoka. Anyamata aja anamusiya, iye n'kugwa chamutu, chipumi n'kumenya pamphepete pa chomwera ng'ombe cha simenti. Phokoso lake silinali lalikulu. Kuseka kunatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi, pamene thupi lake linayamba kuphupha m'matope, magazi akusakanikirana ndi madzi.

Ndinadzimasula kwa amayi n'kuthamanga. Pofika, kuphuphako kunali kukuchepa, akupuma mokoka. Apo ndiye Lajos, nkhope itayera ndi mantha, anachita zimene munthu aliyense kwathu amachita.

“Wakomoka! Mthireni madzi atsitsimuke!”

Ndowa yachiwiri inamufika paphewa ndisanatambasule dzanja, ndipo zonse zinayambiranso, moposa poyamba. Ndinamumenya Lajos ndi ndowa yomweyo kumaso. A Rozália anabwera ndi supuni ya patebulo kuti amulowetse m'kamwa, ine n'kuwakankha mpaka anakhala pansi m'matope. Ndinapinda epuloni yanga n'kumutsamiritsa kumutu, ndinamugoneka chammbali, ndinamasula mabatani a m'khosi, n'kuuza aliyense kuti asunthe, zitha zokha. Manja anga ankadziwa ntchito yawo, anali atayigwira zaka khumi ndi zisanu. Nditakweza maso ndinaona a Rozália akuyang'anitsitsa manja angawo, ndipo ndinaonanso kuti amayi aona zimenezo.

Amayi anali ochenjera, zimenezo sindingawalande. Anadziponya pansi n'kuyamba kulira mokweza kuti msewu wonse umve.

“Mwandiphera mwana! Mwamuswa mutu pasimenti! Mwana wabwinobwino, taonani mmene mwamuchitira! Dezső, wandiphera mwana iwe!”

Dezső anali chiimire ndowa ili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Kuchipatala anamusoka pachipumi, n'kumugoneka masiku anayi. Zimene dokotala ananena anamva ndi amayi okha. Kumudzi kunafika nkhani ya amayi: mwana anamenyetsa mutu, ubongo unagwedezeka, ndipo tsopano azigwa moyo wake wonse. Mudzi unaimeza nkhaniyo yonse, poti aliyense anaona magazi ndi maso ake. Chitini cha tsabola chinapuma, mankhwala anayamba kukhala poyera pawindo. Kwa nthawi yoyamba Etelka ankatha kuuza munthu kuti, “Musandigwire paphewa,” munthuyo n'kupepesa. Azimayi ankabwera ndi msuzi wa nkhuku, akutukwana Dezső ndi mowa wake.

Iye sanadziteteze. Anasiya kupita kumowa. Tsiku lililonse akaweruka ankafika pageti pathu, n'kuvula chipewa asanalowe, ndipo sankachivalanso mpaka atatuluka mumsewu wathu. Anatiwazira nkhuni za chaka chonse. Anakonza denga la khola. Tsiku lina anabwera ndi chihamala n'kuphwanya chomwera ng'ombe chija mpaka chinasanduka miyala. A Rozália ankazungulira m'mudzi kunena kuti pali china chake chimene sichikumveka, kuti ukwati uyambe waima, koma mwana wawo anawayankha pamaso pa anthu kusitolo.

“Ndamuwononga ndine, amayi. Ndimusamalanso ndine.”

Choncho ukwati unakhalabe wa mu Sepitembala, ndipo ine ndinadula diresi. Tsiku lina ndikumuyesa, mapini ali m'kamwa, ndinamufunsa Etelka ngati mtima wake uli m'malo.

“Ndikudziwa zimene mukuganiza, achemwali,” anatero akuyang'ana pagalasi chipsera chake. “Ndidzamuuza. Koma ndisiyeni kaye ndilowe m'nyumba yanga, ndipachike makatani anga. Nanenso ndikhaleko ngati anthu.”

Ndinapitiriza kubaya mapini. Ndinkadana ndi bodza la amayi, komanso ndinkadana ndi nkhope ya Dezső, imene inkaphwa sabata ndi sabata mpaka malaya kumulendewera. Ndipo kunena zoona, ndinkadana kwambiri ndi ine mwini. Ndikamuona akuwaza nkhuni zathu ndinkaona mapazi makumi awiri ndi atatu aja, ndipo ndinkafuna chinthu choti chindipepukitse.

Mu Ogasiti, masana ena otentha, ndinamupeza atakhala pabenchi ya pageti, chipewa chili pabondo. Sanalowe. Amayi anali kumunda wa chimanga, Etelka ali m'nyumba.

“Alamu,” anatero osandiyang'ana, “phokoso lija inu mumalimvabe? La mutu pasimenti?”

“Lowa, umwe madzi.”

“Ine ndimalimva ngakhale injini ikulira. Dzulo ndimalima m'mbali mwa mtsinje, pagomo paja. Ndinangoganiza kuti chiwongolero ndingochisiya, ine ndi thalakitala tikagwere m'madzimo. Munthu wandikhulupirira, wandipempha, wakuwa dzina langa, ine n'kumuwonongera moyo chifukwa choopa kusekedwa ndi Bandi. Munthu wotere akhaliranji?”

Analira, chimunthu chonse chija, mamina ali chuchuchu. Ndipo pakamwa panga, pamene panatsekeka zaka khumi ndi zisanu, panatseguka pawokha.

“Si iwe, Dezső. Matendawa ali nawo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi khunyu. Madzi ozizira kunkhongo ndiwo amawaputa, n'chifukwa chake tinkamuthawitsa chaka chilichonse. Iwe unangomupatsa chipsera chija basi. Zinazo unazipeza.”

Anakweza mutu pang'onopang'ono.

“Kuyambira ali mwana?”

“Eya.”

“Ndiye kuti si ine?”

“Si iwe.”

Ndaonapo anthu akusangalala, koma nkhope ngati imeneyo sindinaionenso. Inachita kutambasuka, magazi n'kubwerera m'masaya ndikuona. Anachita chizindikiro cha mtanda, anaseka, anapukuta misozi ndi mkono. “Mulungu wanga, si ine,” ankangobwereza, “si ine.” Ndinadikira kuti afunse kuti Etelka wapirira bwanji zaka zonsezi, kapena kuti adzuke alowe m'nyumba. Ndinadikira ndithu.

“Ndiye zimenezi zimapita kwa ana?” anafunsa.

“Dokotala anati ayi. Zinabwera ndi matenda oumitsa khosi.”

“Anati ayi,” anabwereza, koma maso ake anali kale mumsewu. Anaimirira, n'kudzikuntha fumbi pathalauza. Kenako anavala chipewa, pageti pathu pomwepo, koyamba chichokereni Pasaka.

“Mupereke moni, alamu. Ndiyambe ndaganiza.”

Sanaganize nthawi yaitali. Lamlungu lotsatira, Misa itatha, a Rozália anabwera kudzatenga mphete, atavala siketi imene ndinawakulitsira ija. Pofika Lolemba mudzi wonse unali utadziwa, ndipo azimayi a msuzi wa nkhuku aja anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, ena akukokera ana awo kumbali. Dezső anakwatira chaka chotsatira mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, amene ndikumva kuti ankathiridwa ndowa khumi pa Pasaka n'kumasekabe. Amayi sanandilankhule mpaka chisanu chinayamba, ndipo zimene ananena pamanda paja zinachitikadi: m'nyumba mwathu simunakwatiwe munthu.

Koma za amayi sizinandipweteke kwenikweni. Masana aja, Dezső atangokhota pakona, ndinalowa m'nyumba. Windo la kuchipinda chosokera linali lotsegula, ndipo limayang'ana pageti. Etelka anali ataima pamenepo, pambali pa diresi lake limene linali litangotsala mpendero. Sanali kulira. Anali akupinda nsalu ya makatani ija bwinobwino, kona ndi kona, n'kuibwezera m'pepala limene inabweramo.

“Etelka, akanadzipha,” ndinatero. “Sindikanatha kungokhala chete.”

Anamanga pepalalo ndi kachingwe, analiika pamwamba pa kabati, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana, chipsera chili chofiira pachipumi.

“Ndamva, achemwali. Mwalankhula bwino, mawu onse omveka,” anatero. “Nanga Lolemba la Pasaka lija, pakamwa pomwepa munali mutapasiya kuti?”